Jeremani wa pa Njerwa ku Thyolo

Galimoto imeneyo ndinayamba kuiona ndine. Zimenezi zimveke kaye ndisanafike pa za ulendo, chifukwa mpaka lero ndikaikumbukira, mtima umayambira pomwepo kuwawa.

Inali nthawi ija likulu la dziko litangosamuka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe. Ine ndinali makanika pa galaja ina ku Area 2, kuseri kwa masitolo, ndipo bwana wanga anandituma ku Thyolo kukadzutsa lole ya kasitomala wake imene inafera pa esiteti ina ya tiyi. Tsiku lachiwiri, ndikufuna madzi akumwa, ndinazungulira kuseri kwa nyumba ya mkulu wina, a Namakhwa, ndipo m'kashedi ka malata ndinaona galimoto ya Chijeremani itakhala pa njerwa.

Inali yakalekale, ya zitseko zinayi, yobiriwira modera, ya mipando yachikopa ndi injini ya dizilo. A Namakhwa anali kapitawo wamkulu pa esitetipo, ndipo mzungu wawo pobwerera kwawo anawasiyira galimotoyo ngati chithokozo. Iwo kuyendetsa sankadziwa. Anangoikweza pa njerwa, n'kuifunditsa masaka, n'kumaipukuta Loweruka lililonse. Ndinawapempha kuti ndimveko kulira kwake. Ndinabwereka batire la lole ija, n'kuthira dizilo watsopano, ndipo nditaipukusa kachitatu inadzuka, n'kumalira mofatsa ngati inagona dzulo lomwe. Injini ndazigwira zambiri pamoyo wanga, koma tsiku limenelo ndinangoima, dzanja lili pachitsulo, osafuna kuizimitsa. Kuyambira pamenepo mumtima ndinkaitchula kuti Jeremani wanga, ndipo ndinayamba kusunga kangachepe kuti tsiku lina ndidzapite kukaitenga.

Chinandiwononga ndi pakamwa pangapa. Mlongo wanga Naphiri anakwatiwa ndi a Gilibati, munthu amene ndinamudziwa ali wopanda ndi supuni yomwe. Anabwera kumudzi kwathu ku Mitundu ngati mkamwini wina aliyense. Malo omangapo kanyumba kawo ndinawalozera ndine, khasu lolimira m'munda wa amayi ndinawapatsa ndine, ndipo matuza a m'manja mwawo tinawaseka mudzi wonse. Koma munthuyo anali wa sukulu. Likulu litabwera anapeza ntchito m'maofesi a boma ku City Centre, anakwezedwa kawiri, n'kupatsidwa nyumba ku Area 43, yokhala ndi mpanda wa maluwa ndi galaja yake. M'galajamo munkakhala matumba a chimanga. Ku Area 43 eni nyumba amayenda pa galimoto, oyenda pansi ndi makuku ophikira mabwana ndi osamala maluwa. Ndiye m'mawa uliwonse a Gilibati ankapasana nawo pamsewu, atavala suti ndi taye, akupita kukadikira lifiti. Sindibisa, zimenezo zinkandikomera.

Tsiku la ubatizo wa mwana wawo wachitatu ndinamwa mabotolo awiri, lilime n'kumasuka. Ndinasimba za Jeremani, za mipando yake, za kulira kwake. Ndinatchula esiteti, ndinatchulanso dzina la mwini wake. A Gilibati ankangogwedeza mutu akusenda nthochi.

Patapita mwezi anatulukira pa galaja, akulumpha madontho a oyilo kuti nsapato zisade.

"Alamu, galimoto munkanena ija," anatero. "Ndinawalembera kalata a Namakhwa. Ayankha kuti akugulitsa."

Ine ndinali pansi pa galimoto ya munthu, ndipo ndinathokoza kuti nkhope yanga sankaiona.

"Ine za magalimoto ndine mbuli, mukudziwa. Tipitire limodzi mukaione. Mukati ndi yabwino, ndigula, tibwera nayo mukuyendetsa inuyo. Mukati ayi, ndiisiya. Mawu ndi anu."

Ndikanatha kunena kuti alamu, galimotoyo ndimaifuna ndine. Koma akanandifunsa kuti nanga zaka ziwiri zonsezi bwanji simunaigule, ndipo yankho lake linali lochititsa manyazi pamaso pa mkamwini. Ndinangoti chabwino, tinyamuke Lachisanu.

Tinakumana pa depoti ya mabasi ku Old Town dzuwa likutuluka. Ine ndinasenza bokosi la masipanala, pampu, machubu anayi ndi batire latsopano lokadzutsira Jeremani. A Gilibati ananyamula nyuzipepala. Anagula matikiti onse awiri a ku Limbe, n'kundipatsira yanga m'manja, n'kundichenjeza kuti ndisaitaye. Kondakitala ankafuna kuti batire likwere pamwamba pa basi limodzi ndi njinga ndi madengu, ine n'kukana kuti likagubuduka lithira asidi pa katundu wa anthu. Tinakangana mpaka anandilipiritsa matambala ena ngati kuti batirelo likhala pampando. Ndinaliika pansi, pakati pa miyendo yathu.

Basi inayenera kunyamuka seveni koloko, koma inanyamuka naini chifukwa dalaivala anapita kukasaka tayala la sipeya. Podikirapo tinaphika ndi thukuta, mawindo ena osatseguka, ena osatsekeka. Pampando wa kutsogolo kwathu panakhala a Saidi, telala wosoka pakhonde la sitolo ina ku Area 2, amene ankandisokera maovolosi. Ankapita ku Liwonde kukaona mayi awo odwala. Atamva kuti ife ndi a ku Thyolo anatembenuka, n'kukankhira kofia kumbuyo.

"Aa, a Phiri! Si galimoto ija mumatiboola nayo makutu pakhonde paja? Basi tsiku lakwana?"

"Akugula ndi alamu angawa," ndinatero.

A Saidi anandiyang'ana, n'kuyang'ana a Gilibati amene anali atabisala m'nyuzipepala, n'kungoti, "Oo." Anatembenukira kutsogolo. Ngati alamu anamva, sanaonetse.

Mpaka pa Nathenje tinkaima paliponse pamene munthu watukula dzanja. A Gilibati atatopa ndi nyuzipepala anayamba kundifotokozera zimene adzachite ndi galimoto yawo.

"Choyamba ndiipentetsa, alamu. Yakuda. Mtundu wobiriwirawo ndi wa anthu a tiyi. Ndiye mipandoyo Naphiri akuti tiikute ndi pulasitiki, ana angaidetse."

Penti ya fakitale imene yapirira zaka zonsezi, munthu akufuna kuiphimba ndi penti ya m'chitini! Chikopa chenicheni akufuna kuchikuta ndi pulasitiki ngati tebulo la m'tiyirumu! Ndinawayang'ana m'mbali, munthu wosadziwa kusiyana kwa dizilo ndi parafini, n'kumadzifunsa kuti Mulungu amagawa bwanji zinthu. Pakamwa ndinangoti, "Tikaona, alamu."

Tisanalowe m'tauni ya Dedza tinapeza migolo pamsewu. Anyamata a chipani analowa m'basi kufunsa makhadi. Masiku amenewo wopanda khadi la chipani sankakwera basi kapena kulowa mumsika, ndipo ine khadi ndinali nalo. Koma nditalitulutsa m'thumba la ovolosi linapezeka la chaka chatha; latsopano linatsala m'malaya a kutchalitchi. Anandiuza kuti nditsike. Ndinaima padzuwa pamodzi ndi agogo ena awiri ndi bambo wina wa tsitsi lalitali amene ankamusakira sizasi. Basi yonse inkatisuzumira pamawindo. Kenaka a Gilibati anatsika pang'onopang'ono, anakonza taye, analankhula ndi mkulu wa anyamatawo mawu angapo a Chingerezi, n'kuonetsa kakhadi ka kuntchito kwawo. Anandigulira khadi latsopano pomwepo. Mkulu uja pondibwezera m'basi anati, "Uwathokoze abwana akowa."

Anandipulumutsa, inde. Anthu ankasowa pa zifukwa zochepa kuposa imeneyo. Ndinathokoza, koma ndi pakamwa pokha.

Pokhala pansi ndinaona kuti batire lapendekeka, latsamira mwendo wa buluku la a Gilibati, ndipo pansalupo panyowa pang'ono. Makanika aliyense amadziwa zimene asidi wa batire amachita ndi nsalu. Sawotcha nthawi yomweyo, amadya pang'onopang'ono mwini wake osadziwa. Madzi ndi sopo pomwepo zikanapulumutsa bulukulo. Ndinawongola batire ndi phazi, n'kuyang'ana pawindo.

Pa Lizulu basi inazunguliridwa ndi ogulitsa kachewere, kabichi ndi mapichesi, ndipo anthu anagula ngati kwawo kuli njala. A Gilibati anagula mapichesi okha, nati pobwerera tidzadzaza kumbuyo kwa galimoto ndi kachewere. Anayamba kutchula anthu amene adzawakweze. Anatchula abwana awo, anatchula abusa, kenaka anati, "Apongozi ndikawatenga ndekha ku Mitundu pa Khirisimasi. Akakhale kumbuyo ngati nduna, mudzi wonse ukuona."

Amayi anga! M'maganizo ndinali nditawakweza kale m'galimoto imeneyo kambirimbiri, ine pa chiwongolero, iwo atagwira chitseko ndi manja awiri. Tsopano adzakwera, adzaimba nthungululu, n'kumauza anzawo kuchitsime kuti mkamwini wanga wandilemekeza. Pichesi ndinali kudya lija linasanduka lowawasa.

Titadutsa Ntcheu, pamtunda wina wopanda nyumba kapena mthunzi, basi inatsokomola kawiri, inanjenjemera, n'kuzima. Dalaivala anaipukusa mpaka inayamba kulira ngati mbuzi yodwala. Tinatsika tonse, dzuwa lili paliwombo. Amayi anayala zitenje m'kamthunzi ka basi, ana anayamba kulira ludzu, bambo wina anatsitsa njinga yake pamwamba n'kutisiya tikumuona. Dalaivala ndi kondakitala anavundukula injini n'kumaiyang'ana ngati iwauza yokha chimene chavuta. Ine vutolo ndinali nditalimva kale pa kutsokomola kuja: sefa ya mafuta yatseka, mpweya walowa m'mapaipi. Koma ndinakhala pamwala n'kumatokosa m'mano. Ndinkaganiza kuti basi ikagona pano, Jeremani akhalabe pa njerwa tsiku lina limodzi, ndipo mwina a Gilibati atopa n'kunena kuti tibwerere.

Tinakhala choncho maola awiri. Magalimoto odutsa anali ochepa, ndipo palibe anaima. Kondakitala anamasula waya wina wosalakwa n'kuubwezera, kenaka anapita kukakodza. A Saidi anayala kamkeka kawo chapatali n'kupemphera, ndipo atamaliza anabwera kudzakhala pamwala wanga womwewo.

"A Phiri," anatero motsitsa mawu, "masipanala ali m'bokosi lanu. Ine mayi anga akudikira."

Ndisanayankhe, a Gilibati anali atakwera kale pa sitepe ya basi.

"Anthuni, musadandaule! Ndili ndi makanika pano, katswiri wa ku Lilongwe. Alamu, tawathandizani anthuwa."

Akuti ndili ndi makanika, ngati mmene munthu amanenera kuti ndili ndi ambulera. Ndinadzuka chifukwa cha mayi a a Saidi. Ndinamasula sefa, ndinaitsuka ndi dizilo m'chitini, ndinapopa mpaka thovu linatha m'mapaipi, ndipo dalaivala atapukusa basi inadzuka ndi utsi wakuda. Anthu anaomba m'manja, amayi anaimba nthungululu. Mayi wina wa dengu la tomato anapita kwa a Gilibati, anapinda maondo, n'kuwapatsa tomato anayi.

"Bwana, Mulungu akudalitseni poyenda ndi wantchito wanu."

"Ayi mayi, ndi alamu anga awa," anatero a Gilibati akuseka. Koma tomatoyo analandira.

Ine ndinali pambali, manja ali bii mpaka m'zigongono, ndikupukuta ndi udzu. Pamenepo ndi pamene ndinaona bwinobwino mmene zidzakhalire. Pobwerera ine ndidzakhala kutsogolo ndi ovolosi, iwo kumbuyo ndi nyuzipepala, ndipo pa migolo iliyonse adzanditchula dalaivala. Loweruka lililonse Jeremani adzabwera pa galaja yathu, ine n'kulowa pansi pake, n'kumukonza ndi manja angawa, kenaka n'kukamusiya kwa eni ake ku Area 43, n'kubwerako wapansi limodzi ndi makuku. Imeneyo inali nsanje. Lero ndikuitchula dzina lake, koma tsikulo ndinkadziuza kuti ndikungomvera chisoni galimoto.

A Saidi anatsika pa Liwonde dzuwa litapendeka. Pondigwira chanza anandikokera pafupi.

"Mukaione ndi maso a ntchito, a Phiri. Maso enawo muwasiye m'basi muno."

Ndinaseka ngati sindinamve.

Tisanafike ku Zomba apolisi anatipatutsa pamsewu, ife ndi malole ndi apanjinga omwe, chifukwa mdipiti wa akuluakulu a boma unkadutsa. Tinadikira ola lina lathunthu, osaloledwa kutsika. Utafika unadutsa ngati mphepo, magalimoto a Chijeremani atsopano, akuda, onyezimira, kutsogozana. A Gilibati anandigwira paphewa.

"Mwaona, alamu? Yakuda."

Tinagona ku Limbe pa resitihausi ina ya nsikidzi. M'mawa ndinadzidzimuka ndi mfuu.

"Alamu, taonani! Njenjete za kuno ndi zotani?"

Anali atatukula buluku lawo, mwendo umodzi uli mabowo okhaokha kuyambira pabondo kutsika. Ndinavala nkhope yachisoni.

"Ndi asidi wa batire lija, alamu. Pepani, sindinaone."

"Palibe kanthu, ndi ngozi," anatero. Buluku lina analibe. Analivala lomwelo, pamwamba jekete ndi taye, n'kumayenda nalo m'misewu ya Limbe anthu akucheuka. Ndinkayembekeza kuti ndisangalala, koma munthuyo ankadziseka yekha, akuti tsopano mwendo ukupita mphepo, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kuposa poyamba.

Kabasi ka ku Thyolo kanatitsitsa pamsika, ndipo tinayenda wapansi m'minda ya tiyi, ine batire lili pamutu. A Namakhwa anandizindikira ndili patali.

"Aa, ndi inu aja munaidzutsa! Fikani, fikani."

Anachotsa masaka okha, limodzilimodzi. Jeremani anali momwe ndinamusiyira. A Gilibati anazungulira kawiri, anatsegula chitseko, anachitseka, n'kumwetulira ngati mwana chifukwa cha kutsekeka kwake kokha. Kenaka anabwerera m'mbuyo n'kuti, "Alamu, ntchito ndi yanu."

Kuyesa galimoto yakale kuli ndi dongosolo lake, ndipo ine ndinaphunzira kwa makanika wokalamba amene sankalola kulumpha kanthu. Umayamba ndi injini. Ndinailiza, n'kuika nsonga ya sikuludilaiva pachitsulo chake, chogwirira kukhutu, ndipo m'katimo munalibe kugogoda kulikonse. Kenaka umatenga maginito, n'kuwakulunga m'kansalu, n'kumayendetsa pazitseko. Pamene galimoto inagundidwa n'kumatidwa, maginito amagwa. Pa Jeremani maginito anagwira paliponse, osagwa. Chomaliza ndi chasesi, msana wachitsulo umene galimoto yonse imakhalapo. Injini umatha kukonza, penti umatha kupaka, koma chasesi ikawola ndiye kuti galimoto yatha. Poyesa umalowa pansi ndi nyundo n'kumamenya. Chitsulo chabwino chimalira kuti ngwe, chowola chimangoti phu, n'kukuthira dzimbiri m'maso.

Ndinalowa chagada. Ndinamenya kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, mbali iyi ndi inayo. Paliponse ngwe. Chinthu chokha chowola pansi ponsepo chinali chitini cha ekizozi chotulutsira utsi, chimene ndikanachisintha pa ola limodzi.

Ndinagona pamenepo nthawi yaitali. Kumene ndinali ndinkangoona mapazi: nkhwaira za a Namakhwa, ndi nsapato zonyezimira za a Gilibati pansi pa buluku lobookabooka. Palibe mwa iwo amene akanalowa pansipo, ndipo ngakhale akanalowa sakanadziwa choyang'ana. Ndinaganiza za penti yakuda, za pulasitiki, za amayi atakhala kumbuyo. Kenaka ndinamenya chitini cha ekizozi katatu mwamphamvu, n'kuwola dzimbiri lodzaza dzanja, n'kutuluka.

"Alamu," ndinatero ndikutambasula dzanja, "chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chasesi yawola. Ndi chinyontho cha kuno. Galimoto iyi ikhoza kuthyoka pakati tsiku lina, ana ali m'kati."

A Gilibati anayang'ana dzimbirilo, nkhope n'kugwa.

"Nanga singawotchereredwe?"

"Muwotcherera pa chiyani? Pa fumbi ili?"

A Namakhwa anakhala pansi pamulu wa masaka, chipewa chili m'manja.

"Ine ndimangopukuta pamwamba," anatero. "Pansipo sindinayang'anepo. Pepani, bambo, mwayenda ulendo wautali pachabe. Ndikanadziwa sindikanayankha kalata ija."

A Gilibati anawatonthoza madalawo, kenaka anagwira dzanja langa ladzimbiri lija ndi manja awo awiri.

"Alamu, mwapulumutsa mbumba yanu. Wina akanangoti gulani, kuti akwereko."

Za pobwerera zilibe zambiri. Basi sinafe, migolo tinadutsa bwino, batire ndinabwerera nalo pakati pa miyendo. Pa Lizulu sitinagule kachewere. A Gilibati njira yonse ankayang'ana pawindo, ndipo Lolemba anayambiranso kudikira lifiti. Naphiri ananditumizira nkhuku. Alamu anakasimba ku ofesi kwawo za makanika wosanama wa ku Area 2, ndipo anzawo anayamba kubweretsa magalimoto awo pa galaja yathu, bwana wanga n'kumandisisita pamsana. A Saidi okha ndi amene sanandifunse kanthu, ndipo ine ndinasiya kudutsa pakhonde lawo.

Patapita miyezi itatu, fodya wanga wa kumudzi atagulidwa, nditagulitsanso njinga ndi wailesi, ndinauza bwana kuti ndikupita kumaliro. Ndinanyamuka ndekha ndi bokosi la masipanala ndi batire lomwe lija. Nzeru ndinali nditakonza kale. Jeremani ndikamusungitsa kwa mnzanga wina kunja kwa tauni kwa chaka chathunthu, kenaka ndidzatulukira naye n'kunena kuti ndinapeza chasesi ina kwa ogulitsa zitsulo. Ulendo umenewo sindinaumve kutalika. Pa depoti ndinadikira maola atatu ndikuimba mluzu.

M'kashedi muja ndinapeza milu inayi ya njerwa ndi masaka atapindidwa bwino.

A Namakhwa anatuluka m'nyumba akusekerera, manja ali m'mwamba.

"Mwabweranso, akatswiri! Munandithandiza inu. Ndikanagulitsa imfa kwa mwana wa eni, ine mkulu wa mpingo."

"Galimoto ili kuti, bambo?"

"Poti munati msana wawola, ndinati ndisanamize munthu wina. Ndinagulitsa zimene zinali zamoyo. Injini anatenga wa chigayo wa ku Luchenza, akuti ikugaya bwino zedi. Mipando ili pakhonde la abusa. Zotsalazo anatenga wokhoma ngolo wa pamsika apo, ankafuna mawilo. Bwanji, mwatuwa chotere? Khalani pansi, akubweretsereni tiyi."

Tiyi sindinamwe. Ndinatsika kumsika, batire lili pamutu. Wokhoma ngolo anali bambo wamtali wa magalasi owotcherera pamphumi. Kuseri kwa kashedi kake thupi la Jeremani linali pansi pa dothi, lopanda zitseko, lopanda magalasi, penti yobiriwira ija ikuwalabe. Pambali pake panali chasesi, itadulidwa zidutswa zitatu. Pamene panadutsa macheka chitsulo chinali mbee, ngati supuni yatsopano.

"Mukufuna ngolo, bambo?"

"Ayi, ndikungoona."

Anayang'ana bokosi langa la masipanala.

"Ndinu a ntchito yomweyi, eti? Ndiye tabwerani muone chitsulo." Anatola nyundo n'kumenya chidutswa chimodzi, ndipo kulira kwake kunamveka mpaka tsidya la msewu. "Macheka anayi ndathyola pamenepa. Galimoto iyi ikanaika m'manda ine ndi inu, iyo ikuyendabe. Madala aja ananamizidwa ndi makanika wina wa ku Lilongwe, akuti chasesi yawola. Yawola pati? Kaya unali umbuli, kaya ufiti, sindidziwa. Ine sindinawauze, angadwale nazo. Koma munthu ameneyo ndikanakonda kumuona nkhope."

Anaponya nyundo pansi, n'kupukuta manja m'malaya.

"Nanga inu mwachokera kuti, bambo?"

"Ku Dedza," ndinatero, n'kusenza batire langa kupita kukadikira basi.